Nigeria: mafuta ali mbwee, koma umphawi sukuchoka

Pa 29 May 2023, mtsogoleri watsopano wa dziko la Nigeria, Bola Tinubu, adalengeza pamwambo womulumbiritsa kuti boma lasiya kulipirako pamtengo wa petulo. Sabata isadathe, lita yomwe inkagulidwa pa ndalama zosakwana 200 naira idafika pa 500 naira m'madera ambiri. Pofika kumapeto kwa 2024 idali itadutsa 1,000 naira.

Mtengo wonyamulira katundu udatsatira pompo. Tomato ndi anyezi wochokera kumpoto kwa dzikolo ankafika pamsika wa Mile 12 mumzinda wa Lagos atakwera kale mtengo, ndipo ogula adayamba kuchepetsa miyezo. M'mwezi wa July 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa 30,000 kufika pa 70,000 naira pamwezi, koma kumapeto kwa chakacho ndalamayi siinkakwana kugula thumba limodzi la mpunga la makilogalamu 50.

Izi zikuchitika m'dziko lomwe lakhala likugulitsa mafuta kunja kwa zaka zoposa 60, ndipo ndi limodzi mwa maiko opopa mafuta ambiri mu Africa. M'chaka cha 2022 nthambi ya boma yoona za chiwerengero m'dzikolo idapeza kuti anthu 133 miliyoni, omwe ndi anthu 63 mwa 100 alionse, ndi osauka polingalira zinthu monga chakudya, chipatala, sukulu, madzi ndi pokhala. Wamalonda aliyense amene amadabwa kuti nkhani ya dola imafika bwanji pabenchi lake angaphunzirepo kanthu pa ulendo umene dzikoli layenda.

Lidali dziko la alimi

Mafuta adapezeka koyamba mu 1956 pamudzi wa Oloibiri, kummwera kwa dzikolo, ndipo adayamba kutumizidwa kunja mu 1958. Pomwe Nigeria inkalandira ufulu wodzilamulira mu 1960, ndalama zake zakunja zinkachokerabe kumunda. Kumpoto kudali mtedza ndi thonje, kumadzulo koko, ndipo kummawa kudali mafuta ophikira ochokera ku mitengo ya kanjedza.

Mumzinda wa Kano, matumba a mtedza ankawasanja mpaka kuoneka ngati timapiri podikira sitima yapamtunda yopita kudoko la Lagos. Chigawo chakumadzulo chidayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1955 podalira ndalama za koko. Ndalama za mbewuzi zinkadutsa m'manja ambiri: mlimi, wogula m'midzi, wosoka matumba, mwini lole, wokweza katundu, komanso mayi wogulitsa chakudya pafupi ndi sikelo. Aliyense ankatsalako ndi kenakake.

Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1970. Nigeria idalowa m'bungwe la maiko ogulitsa mafuta la OPEC mu 1971, ndipo pakati pa 1973 ndi 1974 mtengo wa mafuta padziko lonse udakwera kanayi, kuchoka pa madola atatu kufika pafupifupi madola 12 pamgolo. Mgolo umodzi ndi malita 159. Madola adayamba kulowa m'dzikomo mochuluka kuposa momwe boma likadathera kuwagwiritsa ntchito mwadongosolo.

Momwe dola yochuluka idafoolera ulimi

Wina angaganize kuti madola akachuluka aliyense amapindula. Koma pamsika chinthu chikachuluka chimatsika mtengo, ndipo dola nayo ndi katundu. Madola a mafuta atachuluka, naira idakhala yamphamvu kwambiri, moti mu 1980 dola imodzi inkagulidwa pa ndalama yosakwana naira imodzi.

Kwa munthu woitanitsa katundu kunja iyi idali nyengo yabwino. Mpunga, tirigu, nsalu ndi nkhuku zochokera kunja zinkafika zotsika mtengo kuposa zolimidwa kapena kupangidwa m'dzikomo. Kwa mlimi wa koko kapena mtedza zidali zowawa. Mbewu yake inkagulitsidwa kunja m'madola, koma madolawo akasinthidwa ankapereka naira zochepa, pomwe waganyu ndi zinthu za m'sitolo zinkakwera mtengo. Mabungwe a boma ogula mbewu nawo ankamulipira mtengo wotsika. Chilala ndi matenda a mtedza a m'zaka zomwezo zidangomalizitsa.

Achinyamata adasiya makasu n'kulowera kumizinda komwe kudali ntchito zomanga ndi malipiro a boma omwe adali atakwezedwa. Timapiri ta mtedza ta ku Kano tidatha. Malaysia ndi Indonesia adalanda msika wa mafuta a kanjedza, ndipo Nigeria, yomwe kale inkatsogolera pogulitsa mafutawa, idayamba kuwagula kunja. Patapita nthawi mafakitale a nsalu a ku Kaduna nawo adatseka, atalephera kupikisana ndi nsalu zakunja komanso kuvutika ndi magetsi.

Akatswiri a zachuma amatcha vutoli Dutch disease, potengera zomwe zidachitikira mafakitale a ku Netherlands dzikolo litapeza gasi mu 1959. Tanthauzo lake ndi losavuta: katundu mmodzi akamabweretsa madola ambiri, amakweza mtengo wa ndalama ya dziko mpaka katundu wina yense amalephera kugulika kunja. Lero mafuta ndi gasi amabweretsa gawo lalikulu kwambiri la ndalama zakunja za Nigeria, zaka zina kufika pa madola 9 mwa 10 alionse.

Ndalama yolowera khomo limodzi

Kusiyana kwina pakati pa mtedza ndi mafuta ndi chiwerengero cha anthu omwe amagwirako. Mtedza umafuna mabanja mamiliyoni. Chitsime cha mafuta chimafuna makina, mapaipi ndi akatswiri ochepa. Mafuta sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a chuma chonse chomwe anthu a ku Nigeria amapanga pachaka, ndipo olembedwa ntchito kumeneko ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi alimi ndi amalonda.

Ndalama ya mafuta siidutsa pamsika. Imachoka kukampani kupita kuthumba la boma. Mwezi uliwonse akuluakulu amakumana ku Abuja kugawana ndalamayo pakati pa boma lalikulu, zigawo 36 ndi makhonsolo 774. Kwa zaka zambiri ndalama za mafuta zinkaposa theka la ndalama zonse za boma. Zikatere, njira yachidule yolemerera imakhala kuyandikira ogawa ndalama: kupeza udindo, kontirakiti kapena chilolezo choitanitsira katundu. Wolima ndi wogulitsa amatsalira kumbuyo kwa mzere.

Chitsanzo chomwe anthu a m'dzikolo saiwala ndi cha simenti ya mu 1975. Maofesi a boma adaitanitsa matani mamiliyoni ambiri a simenti nthawi imodzi, kuposa yomwe doko la Lagos likadatha kutsitsa. Sitima mazanamazana zidaima panyanja kwa miyezi, boma likulipira chindapusa cha tsiku lililonse lomwe sitima yadikira, ndipo simenti ina idauma ili m'sitima momwemo. Katundu wa amalonda ena adatsekeredwa kumbuyo kwa sitimazo.

Pali ndalama zina zomwe zidangobedwa. Sani Abacha, msilikali yemwe adalamulira kuyambira 1993 mpaka 1998, adatulutsa madola mabiliyoni, ndipo maiko monga Switzerland akhala akubweza zina mwa ndalamazo patapita zaka zambiri iye atamwalira. Mu 2014 mkulu wa banki yaikulu ya dzikolo, Lamido Sanusi, adanena kuti kampani ya boma ya mafuta ya NNPC siidapereke madola 20 biliyoni kuthumba la boma. Adaimitsidwa paudindo mu February chaka chomwecho.

Boma lomwe limadya za m'chitsime silidaliranso kwambiri misonkho ya anthu ake, choncho silikakamizika kuwafotokozera momwe lagwiritsira ntchito ndalama. Anthu nawo ndalama yomwe sidachoke m'thumba mwawo sailondola mwamphamvu ngati momwe wavenda amafunsira za chimbudzi cha pamsika akalipira tikiti.

Mafutawo ndi ochuluka motani?

Pali chinanso chomwe ambiri saganizira. Nigeria imapopa migolo pafupifupi 1.5 miliyoni patsiku. Mgolo utagulidwa pa madola 80, ndiye kuti ndi madola 120 miliyoni patsiku. Ndalamayi ikumveka yambiri, koma dzikoli lili ndi anthu oposa 220 miliyoni. Itagawidwa mofanana, aliyense angalandire masenti 55 okha patsiku, kungopitirira pang'ono theka la dola, ndipo apa n'kuti makampani opopa asadachotse ndalama zomwe alowetsa ndi phindu lawo.

Saudi Arabia imapopa migolo yoposa 9 miliyoni patsiku ndipo ili ndi anthu pafupifupi 35 miliyoni. Choncho ngakhale pakadapanda wakuba ndi mmodzi yemwe, mafuta paokha sakadalemeretsa aliyense ku Nigeria. Akadatha kumanga misewu, magetsi ndi sukulu zoti ulimi ndi malonda ziyende bwino. M'malo mwake adafooketsa ntchito zomwe zinkadyetsa anthu ambiri osabweretsa ina yokwanira kulowa m'malo mwake.

Mtengo ukagwa kunja, ululu umafika pabenchi

Mtengo wa mafuta saukhazikitsa ndi Nigeria. Udagwa mu 1986 ndipo boma la Ibrahim Babangida lidachepetsa mphamvu ya naira. Udagwanso kuchoka pa madola oposa 100 pakati pa 2014 kufika pa madola osakwana 30 kumayambiriro kwa 2016, ndipo chuma cha dzikolo chidabwerera m'mbuyo. Zidachitikanso mu 2020 nthawi ya Covid-19.

Nthawi zonse nkhani imayenda mofanana. Madola amachepa, banki yaikulu imayamba kuwagawa mosankha, ndipo pamabadwa mitengo iwiri ya dola: wa kubanki ndi wa osintha ndalama m'misewu. Mu 2015 banki yaikulu idaletsa kupereka madola kwa oitanitsa mitundu 41 ya katundu, kuphatikizapo mpunga ndi timitengo totokosera m'mano. Wodziwana ndi akuluakulu ankapeza dola yotsika mtengo, ena n'kukaigulitsanso mumsewu osaitanitsa katundu aliyense. Wamalonda wamng'ono wa pamsika wa Onitsha kapena Balogun ankaigula yodula mumsewu momwemo.

Mu June 2023 boma lidasiya kugwirizira naira. Mtengo wa kubanki udachoka pa 460 naira pa dola ndipo pofika February 2024 udali utadutsa 1,500 naira. Wamalonda yemwe adali ndi mpamba wa 750,000 naira ankatha kugula madola 1,000 mumsewu pakati pa 2023. Chaka chisadathe, mpamba womwewo unkagula madola osakwana 500. Sadabedwe, sadamwere, koma katundu wake adachepa ndi theka. Pofika December 2024 mitengo ya zinthu idali itakwera kuposa 34 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho.

Dzikoli lidayesapo kusunga. Mu 2004 lidatsegula thumba lapadera losungiramo ndalama za mafuta zotsala mtengo ukakwera, ndipo lidafika pa madola pafupifupi 20 biliyoni cha m'ma 2008. Andale adakhala akutapamo ngakhale nthawi yomwe mtengo udali wabwino. Pofika 2022 mudatsala ndalama zosakwana madola 1 miliyoni.

Kugulitsa osayenga, kugula petulo

Mafuta otuluka pansi sangathiridwe m'galimoto asadayengedwe. Boma la Nigeria lili ndi mafakitale anayi oyengera mafuta, awiri ku Port Harcourt, imodzi ku Warri ndi ina ku Kaduna, omwe pamodzi adamangidwa kuti aziyenga migolo 445,000 patsiku. Kwa zaka zambiri mafakitalewa akhala akugwira ntchito modukizadukiza kapena kuima kumene, ngakhale ndalama zambiri zokonzera zinkatuluka. Zotsatira zake, dziko linkagulitsa mafuta osayenga n'kumagula petulo kunja ndi madola, ngati mlimi wogulitsa chimanga chonse pokolola n'kumagula ufa wa walkman tsiku ndi tsiku.

Pofuna kuti anthu asamve ululu, boma linkalipirako pa lita iliyonse. Sabusideyi idadya ndalama zoposa 4 thililiyoni naira mu 2022 mokha, zomwe zidali pafupifupi madola 10 biliyoni. Petulo wina wotsika mtengoyo ankazembetsedwa kupita ku Benin, Niger ndi Cameroon. Komabe kwa munthu wamba ichi ndicho chinthu chokha chooneka chomwe ankapeza kuchokera ku mafuta a dziko lake. N'chifukwa chake boma la Goodluck Jonathan litachotsa sabuside mu January 2012, mtengo n'kuchoka pa 65 kufika pa 141 naira, anthu adadzaza misewu mpaka boma lidautsitsa kufika pa 97 naira.

Petulo ku Nigeria si wa galimoto zokha. Magetsi a dziko lonse nthawi zambiri sapitirira mamegawati 5,000, choncho wometa, wowotcherera zitsulo, wachigayo ndi wogulitsa zoziziritsa kukhosi amadalira jenereta. Petulo akakwera, bizinesi imakwapulidwa kawiri, panjira ndi pamalo ogwirira ntchito. Fakitale yaikulu ya Aliko Dangote pafupi ndi Lagos, yomangidwa kuti iziyenga migolo 650,000 patsiku, idayamba kutulutsa petulo mu September 2024. Yachepetsa petulo woitanitsa kunja, koma mtengo sudabwerere pomwe udali, chifukwa mafuta osayenga amawerengedwabe pamtengo wa dola.

Eni nthaka adatsala ndi matope

Walira mvula walira matope, koma ku Niger Delta, komwe mafutawa amachokera, matope adagwera anthu omwe mvulayo sadailire. Mapaipi okalamba, kuba mafuta ndi kuyenga mobisa m'tchire zathira mafuta m'mitsinje ndi m'minda ya asodzi ndi alimi. Lipoti la nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe la mu 2011 lidapeza kuti madzi a m'zitsime pamudzi wina ku Ogoniland adali ndi mankhwala oyambitsa khansa a benzene ochuluka ka 900 kuposa mlingo wovomerezeka, ndipo lidati kuyeretsa derali kungatenge zaka 25 mpaka 30.

Mlembi Ken Saro-Wiwa, yemwe ankatsogolera anthu a mtundu wa Ogoni kudandaula za kuonongeka kwa dera lawo, adanyongedwa ndi boma la Abacha pamodzi ndi anzake asanu ndi atatu pa 10 November 1995. Ku Oloibiri komwe zonse zidayambira, kupopa kudatha m'zaka za m'ma 1970, kampani idasamuka, mudzi n'kutsala wosauka.

Sikuti dziko lililonse la chuma chapansi limathera pamenepa. Norway idakhazikitsa thumba losungira ndalama za mafuta mu 1990 ndipo imangotapamo gawo laling'ono pachaka. Lero muli madola oposa 1 thililiyoni. Botswana nayo idagwiritsa ntchito ndalama za dayamondi kumanga sukulu, zipatala ndi misewu, n'kusungako zina. Chosiyanitsa ndi malamulo a kasungidwe ndi kuwatsata nthawi yomwe ndalama zikulowa zambiri.

Zikukhudza bwanji wamalonda wa kuno?

Malawi sapopa mafuta, koma akudziwa kudalira katundu mmodzi. Fodya amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zomwe dziko lino limapeza pogulitsa katundu kunja, ndipo madola ake amalowa miyezi yochepa pachaka pomwe petulo, feteleza ndi mankhwala zimafuna madola chaka chonse. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, womwe udatsegulidwa mu 2009, udaima mu 2014 mtengo utagwa kunja. Pomwe nkhani za migodi yatsopano zikumveka, funso lofunika kufunsa ndi lakuti ndalamayo idzalowera khomo liti, ndipo ndani adzaiwerenge.

Wavenda sangasinthe ndondomeko za boma, koma pali zomwe angachite pabenchi lake.

Choyamba ndi kuika mtengo poyang'ana ndalama yomwe adzapikulire katundu wina, osati yomwe adapikulira amene ali nayeyo. Mwachitsanzo, munthu akapikula katoni ya sopo pa K40,000 n'kuigulitsa yonse pa K46,000, amaona ngati wapeza K6,000. Akabwerera kokaoda n'kupeza katoni ili pa K48,000, ndiye kuti phindu palibe ndipo mpamba waperewera ndi K2,000. Kuimbira foni kokaoda kamodzi kapena kawiri pasabata kumateteza ku zimenezi.

Chachiwiri ndi kusakaniza katundu. Zovala za kaunjika, mafoni, mafuta odzola ndi zipangizo za njinga zimayendera dola. Nyemba, mtedza, usipa, mbatata ndi tomato zimayendera kwambiri nyengo ndi mtengo wa thiransipoti. Amene ali ndi mitundu yonse iwiri, mbali imodzi ikaima ina imamugwirizira.

Chachitatu ndi kuona komwe ndalama za makasitomala zimachokera. Ngati onse ndi alimi a fodya, kapena onse amadikira malipiro a boma, kapena onse amagwira pakampani imodzi, bizinesiyo ili ndi chitsime chimodzi ngati Nigeria. Msika wa fodya ukachedwa kapena malipiro akachedwa, benchi limazizira tsiku lomwelo.

Chachinayi ndi kusunga nthawi yomwe malonda akuyenda, monga miyezi yokolola ndi ya Khirisimasi, ndi kuika ndalamayo pamalo povuta kutapa, kaya kubanki mkhonde kapena pa akaunti yosiyana ndi ya tsiku ndi tsiku. Thumba la Nigeria lidatha chifukwa linkatapidwa nthawi ya zokolola, njala isadafike. Komabe mitengo ikamakwera mofulumira, ndalama yongogona imatha mphamvu, choncho gawo lina ndi bwino kulisandutsa katundu wosaola msanga.

Chachisanu ndi ngongole ndi mayendedwe. Kukongoza katundu kwa mwezi wathunthu pomwe mitengo ikusintha sabata iliyonse ndi kupereka gawo la mpamba mwaulere, choncho masiku a ngongole ayenera kufupika. Ndipo amalonda atatu kapena anayi a msika umodzi akasonkherana galimoto imodzi yokatenga katundu, petulo akakwera amagawana ululuwo m'malo moti aliyense ausenze yekha.

Amalonda a ku Onitsha omwe mpamba wawo udachepa ndi theka pakati pa 2023 ndi 2024 sadalakwitse masamu a pabenchi. Chidawagwetsa chidachokera kutali, kuchitsime ndi kubanki yaikulu. N'chifukwa chake nkhani za mtengo wa dola, za msika wa fodya ndi za mafuta a galimoto ndi zoyenera kuzimvetsera mwatcheru ngati momwe wamalonda amamvetsera mtengo wa tomato ku Jenda kapena ku Tsangano asadakwere galimoto.